Kalata yaumboni ya attachment: ndipemphe ndani?

Tadala wa ku Santhe
Madzulo abwino akuluakulu nonse a pagulu pano. Ndine Tadala, kwathu ndi ku Santhe, ndili chaka chachitatu ku koleji komwe ndikuphunzira za mbewu. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Pali bungwe lina lomwe limagwira ntchito ndi alimi a mtedza ndi soya konkuno ku Kasungu, ndipo lalengeza kuti litenga ophunzira anayi a attachment, kutanthauza kukaphunzira ntchito pogwira nawo, kwa miyezi itatu. Malo amenewa ndikuwafunitsitsa chifukwa ndizikagona kwathu, za lendi sizindikhudza. Fomu yawo ikufuna makalata awiri aumboni, ndipo kwatsala masabata atatu kuti atseke.

Amene ndikuwaganizira ndi awa. Pali apulofesa, mkulu wa dipatimenti yathu, amene dzina lawo limamveka mpaka ku unduna, koma anatiphunzitsa semesita imodzi yokha m'kalasi ya anthu oposa 150, ndipo atakumana nane pamsewu sindikhulupirira kuti angandizindikire. Pali aphunzitsi ena achinyamata amene ankatiyang'anira kumunda wa sukulu chaka chatha, udokotala alibe, ntchito angoyamba kumene. Palinso alangizi a zaulimi a kwathu amene ndinkayenda nawo pa njinga m'midzi tchuthi chathachi. Amalume akuti ndisiye onsewa, iwo andiperekeza kwa aphungu a dera lathu. Amayi nawo akuti abusa ndiwo amandidziwa kuyambira ndili wa Sande sukulu. Ndipemphe ndani? Ndithandizeni chonde.

Chikondi B.
Achemwali, musachedwe nazo, pitani kwa apulofesawo. Ine ndikunena zomwe ndinaona ndi maso anga. Chaka chomwe tinkafunsira malo ife, anzanga amene anali ndi makalata a anthu odziwika ndiwo anaitanidwa, enafe tinangomva kuti mayina atuluka kale. Wolandira makalata amakhala ndi mulu wa maenvelopu patebulo, sangawerenge ndime iliyonse. Amathamangira pansi kukaona kuti wasayina ndani. Kuno kwathu n'kudziwana basi, tisanamizane.

Mayi Nabanda
A Chikondi, zomwe zinakuchitikirani sindikutsutsa, ziliko ndithu ndipo zimawawa. Koma ndiloleni ndilankhule ngati munthu amene amakhala kuseri kwa mulu wa maenvelopuwo. Ndagwira ntchito yolemba anthu ntchito kwa zaka 11 ku Lilongwe, ndipo ana a attachment ndawasankhapo kambirimbiri.

Kalata ya munthu wamkulu amene sakukudziwa ndimaizindikira ndisanafike ndime yachiwiri. Imati wophunzirayu ndi wa m'dipatimenti yathu, ndi wolimbikira, ndi wakhalidwe labwino, muthandizeni. Mukachotsa dzina la Tadala n'kuikapo la Mphatso, palibe chimene chasintha. Nthawi ina ndinalandira makalata asanu ochokera kwa bwana mmodzi, onse ofanana mpaka pa kadontho komaliza, ndipo ina mwa iwo inkanena mtsikana ngati ndi mnyamata chifukwa sanakonze pokopera. Makalata asanuwo sanathandize ndi mmodzi yemwe, ndinangobwerera ku malikisi awo.

Imene imandiimitsa ndi yonena kanthu kamene wolembayo anaona yekha. Mwachitsanzo, kuti mtsikanayu ankafika kumunda 6 koloko mmawa kukawerenga mbewu zomera, ndipo sikelo itawonongeka anakabwereka ina m'malo molemba manambala ongoganizira. Munthu wotere ndimafuna kumuona nkhope.

Tadala mwanawe, fomuyo ikuti chiyani kwenikweni pa makalata awiriwo? Tilembere mawu ake momwe alili.

Tadala wa ku Santhe
Zikomo amayi. Ikuti imodzi ichokere kwa mphunzitsi wa ku koleji amene anakuphunzitsa kapena kukuyang'anira, ina ichokere kwa munthu amene anakuonapo ukugwira ntchito ndi anthu akumudzi. Ikutinso onse awiri alembe nambala ya foni, ndipo asakhale achibale.

Mayi Nabanda
Ndiye fomu yayankha kale theka la funso lako. Aphungu sanakuphunzitse, ndipo sanakuonepo ukugwira ntchito ndi alimi. Kalata yachiwiriyo ndi ya alangizi, palibe za mkangano. Nambala ya foniyo usaipeputse. Tikamafunsa nambala ndiye kuti tiimba ndithu, ndipo woyankhayo akayamba ndi kuti “Tadala wake uti?” zako zathera pomwepo.

Abambo Mwale, Chamama
Ndawerenga zonse. Ine ndinali mphunzitsi wamkulu pa sekondale mpaka ndinapuma, ndipo makalata otere ndalemba osawerengeka. Ndiyankhulepo za abusa ndi aphungu, popeza amayi ako ndi amalume ako sakunena zopanda nzeru, akungoyankha funso lina.

Kalata ya abusa ili ndi malo ake. Ukamafunsira kusukulu ya mishoni kapena kuchipatala cha mpingo, ndipo iwo anena okha kuti akufuna umboni wa khalidwe, pamenepo abusa ndiwo oyenera. Koma abusa akudziwa kuti sujomba kwaya ndi kuti umalemekeza akulu. Za mmene umalankhulira ndi mlimi amene mtedza wake wagwidwa kadukutu, sanakuonepo. Usawasenzetse katundu wosakhala wawo.

Za aphungu ndikuchenjeze mwana wanga. Kalata yotero imabwera ndi mtundu wa chipani, ngakhale iwe usali wa chipani chilichonse. Mabungwe ambiri amaopa kuoneka ngati akukondera mbali, ndiye ena akaona kalata ya wandale amaona ngati ukufuna kuwakanikiza. Komanso mpando umenewo umatha kusintha mwini pa chisankho chilichonse, pomwe kalatayo ikhala m'faelo yako.

Chikondi B.
Za aphungu ndavomera abambo. Koma pa kalata ya ku koleji sindinasunthe. Mphunzitsi woti wangoyamba kumene, amene ngakhale a bungwelo sanamumvepo, mawu ake alemera bwanji poyerekeza ndi a pulofesa?

A Kamanga
Ndilowererepo. Ine ndine mmodzi wa amene mumatipempha makalatawo, ndimaphunzitsa pa koleji ina kumpoto ngakhale kwathu ndi kwa Kaluluma.

Choyamba tisiyanitse makalata awiri amene ophunzira amawasakaniza. Pali kalata yokudziwitsani, imene imachokera ku ofesi ya dipatimenti kapena kwa woyang'anira za attachment. Imangonena kuti uyu ndi wophunzira wathu, ali chaka chakuti, akuyenera kuchita attachment ya nthawi yakuti. Imeneyo aliyense amalandira, ndipo kawirikawiri wosayina ndi mkulu wa dipatimenti. Ndiye a Chikondi, dzina la apulofesa lija likhalamo kale mu envelopu ya Tadala popanda kuwapempha china chilichonse. Kalata yaumboni ndi ina, ntchito yake ndi kunena zimene pepala la malikisi silinganene.

Ndikuuzeni zimene zimachitika patebulo panga. Wophunzira amene sindikumukumbuka akandipempha, ndimatsegula kompyuta n'kuona kuti anapeza 64 m'phunziro langa. Ndilembenso chiyani? Kunama sindingathe, chifukwa dzina langa ndilo likupita kumeneko. Ndimalemba ndime imodzi yoona koma youma. Pomwe wophunzira amene ndinayenda naye kumunda ndimavutika n'kufupikitsa, zonena zimachuluka.

Za kulemera kwa dzina: kalata ya mphunzitsi wachinyamatayo idzalembedwa pa pepala lomwelo la chizindikiro cha koleji, ndi chidindo chomwecho cha dipatimenti. A bungwe sakulemba ntchito mphunzitsiyo, akufuna kudziwa ngati angamutume Tadala yekha ku kalabu ya alimi osadera nkhawa.

Dalitso wa ku Nkhamenya
Ndichitire umboni zimene anena a Kamanga. Ine ndinachita attachment yanga yoyamba ku Kasungu National Park mu 2022, chaka chomwe anasamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Kunali anthu akuluakulu ambiri nthawi imeneyo, ena ochokera kunja, ndipo anzanga ankalimbirana kujambulitsa nawo n'cholinga choti adzawapemphe makalata. Ine ndinkayenda tsiku ndi tsiku ndi bambo wina woyang'anira nyama, munthu wa yunifolomu yake yakutha m'mawondo, tikuyendera mpanda ndi kumva madandaulo a anthu a m'midzi yoyandikana ndi paki. Chaka chotsatira nditafuna malo ena, ndinapempha iwowo. Analemba tsamba limodzi lokha, Chingerezi chake chosavuta, koma anafotokoza tsiku lomwe tinapeza anthu atakwiya njovu zitadya chimanga chawo, ndi mmene ndinakhalira pansi n'kulemba dandaulo la aliyense mpaka dzuwa kulowa. Ku intavyu funso loyamba linali la tsiku limenelo. Tinakambirana nkhani imeneyo pafupifupi theka la nthawi yonse.

Tadala wa ku Santhe
Zikomo nonse. Koma pali china chimene sindinanene, ndipo n'chimene chikundichititsa kuzemba aphunzitsi achinyamatawo. Chaka chatha gulu lathu linapatsidwa kafukufuku wa soya, ndime zina tinadzala mbewu yothira inoculant (tizilombo tothandiza soya kupanga timaphundu ta chonde kumizu), zina yosathira, kuti tiyerekeze zokolola. Ine ndinali wosunga zikwangwani ndi kaundula. Ndinalemba zikwangwanizo ndi cholembera chosalimba, mvula ya mu Januwale inafufuta zonse, ndipo mapu a munda ndinali ndisanajambule m'buku monga anatiuzira. Ndime zinayi sitinadziwenso kuti ndi ziti. Anzanga ena anati tingoganizira poona kubiriwira kwa masamba, palibe adzadziwe. Ine mtima unakana, ndinapita kukawauza aphunzitsiwo. Anandidzudzula pamaso pa gulu lonse, ndipo tonse malikisi athu anatsika. Pambuyo pake ndinapempha kuti ndibwereze kafukufukuyo ndekha m'timiphika ta pulasitiki, analola, ndinathirira masabata asanu ndi awiri mpaka ndinazula n'kuwerenga timaphundu ta kumizu. Koma chichokereni tsiku londidzudzula lija sindinalowenso mu ofesi mwawo. Ndikuopa kuti akalemba zoti ndine wosasamala.

Mayi Nabanda
Mwanawe, ukanayamba ndi nkhani imeneyi. Bungwe la mtedza ndi soya limadalira manambala ochokera kumunda: alimi angati adzala, maekala angati, makilogalamu angati. Mutu umatipweteka ndi ana amene amakhala pansi pa mtengo wa mango n'kudzaza mafomu a alimi makumi awiri osafika pakhomo la mmodzi yemwe. Munthu amene analolera kutaya malikisi kusiyana n'kupeka manambala, ine ndingamutenge lero lomwe. Ndipo padziko pano pali munthu mmodzi yekha amene angachitire umboni zimenezo ndi siginecha yake.

Chikondi B.
Koma amayi, nanga akakalemba za zikwangwani zokhazo, za timiphikazo n'kusiya? Si onse amene amaiwala cholakwa. Ena amasunga mangawa. Pamenepo mtsikanayu adzakhala wadzikumbira yekha dzenje, ndipo kalata ikakhala yomata sadzadziwa n'komwe chimene chamugwetsa.

A Kamanga
Nkhawa imeneyo ndi yoona a Chikondi, ndipo mankhwala ake ali m'kafunsidwe. Tadala, usakanene kuti “ndilembereni kalata.” Ukatero munthu amavomera mwaulemu ngakhale alibe chabwino chonena. Ukati, “Aphunzitsi, ndikufunsira malo akutiakuti. Kodi mukuona kuti mumandidziwa mokwanira kuti mundilembere kalata yondithandiza? Ngati ayi, ndimvetsa.” Mawu omalizawo amamutsegulira khomo lotulukira. Akayamba kuti ndatanganidwa, kapena kuti bwanji upemphe akutiakuti, usakakamire, wakuyankha kale ndipo wakuchitira chifundo. Ukathokoze n'kupita kwa wina, n'chifukwa chake uyenera kupita sabata ino, osati yomaliza.

Ndipo nkhani ya zikwangwaniyo uitchule wekha. Unene kuti ukudziwa kuti unalakwitsa, ndi zimene unaphunzirapo. Kunena zoona, ife aphunzitsi timadzudzula anthu ambiri pa chaka moti ambiri timawaiwala. Amene sitimuiwala ndi amene anabweranso mawa lake n'kupempha kubwereza ntchito popanda womutuma. Munthu amene anakulola kugwiritsa ntchito timiphika ndi malo a sukulu kwa masabata asanu ndi awiri sanakutaye.

Upite ndi zinthu izi m'manja: chilengezo cha bungwelo, CV yako, pepala la malikisi, ndi tsamba limodzi lowakumbutsa zimene munachitira limodzi, ndi miyezi yake. Ulembepo tsiku lotsekera ndi kumene kalatayo ikupita, ngati ndi pa imelo kapena mu envelopu yomata. Pakatha sabata uli chete, kumbutsa kamodzi mwaulemu. Kukumbutsa si mwano, ifenso timakhala ndi mapepala a mayeso mazanamazana.

Abambo Mwale, Chamama
Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwana wanga. Ukagogode.

Esnart N.
Ndiwonjezere mbali imene abambo sangaiganizire msanga. Ine ndine namwino, ndipo pamene ndinali pasukulu ndinapempha kalata kwa munthu wina amene anandiuza kuti ndikaitenge kunyumba kwake Loweruka madzulo. Sindinapite. Ndinalira usiku wonse poganiza kuti mwayi wanga wapita, koma Lolemba ndinapempha mayi wina amene ankatiyang'anira m'wodi, ndipo anandilembera tsiku lomwelo.

Tadala ndi atsikana ena amene mukuwerenga mwakachetechete: kalata imapemphedwa mu ofesi, nthawi ya ntchito, chitseko chili chotsegula. Ngati n'kotheka yambani ndi imelo kapena uthenga wolemba kuti pakhale umboni. Wina akayamba zoti tikumane kumalo ogona alendo, kapena mauthenga a usiku, musayankhe zambiri, sungani mauthengawo ndipo kauzeni woyang'anira za ophunzira kapena mphunzitsi wamkazi amene mumamukhulupirira. Palibe kalata imene mtengo wake ndi thupi lanu. Sindikunena kuti aphunzitsi a Tadala ndi otero ayi, ambiri ndi anthu abwino. Ndikungofuna kuti zikakugwerani musadzaone ngati ndinu nokha.

A Kamanga
Zikomo achemwali potchula zimenezi. Ndionjezere kuti ngakhale ndalama, kalata yaumboni salipiritsa. Ndi gawo la ntchito yathu. Za fanta kapena mayunitsi musanalandire kalata, ayi. Mukafuna kuthokoza, dzatiuzeni mmene zayendera. Ambiri mumangosowa, timadzamva kwa ena kuti munatengedwa.

Yamikani P.
Pepani ndilowetse langa pomwepa poti likufanana. Ine ndikuphunzira zamagetsi pa sukulu ya ntchito zamanja, ndipo abwana amene ndinkagwira nawo maganyu oika mawaya m'nyumba pa boma anandiuza kuti “lemba wekha, ine ndidzangosayina.” Kodi zimenezi n'zololedwa? Ndakhala masiku atatu pepala lili loyera, kudzitama ndekha kukundikanika.

Mayi Nabanda
Zimachitika kwambiri, koma ine sindizikonda. Ndinalandirapo makalata awiri a mnyamata mmodzi, ina yosayinidwa ndi mphunzitsi, ina ndi bwana wa kampani, ziganizo zake zofanana, ndipo liwu limodzi linalakwitsidwa mofanana m'makalata onse awiri ndi mu CV momwe. Ndinaimba foni kwa bwanayo, sankadziwa zimene zinali m'kalata yomwe anasayina. Kuyambira pamenepo sindinakhulupirirenso pepala lililonse la mu envelopu imeneyo.

A Kamanga
Apa ndisiyana nanu pang'ono amayi. Bwana wa Yamikani mwina si waulesi, mwina kulemba kalata ya Chingerezi ndiko kukumuopsa, munthu wozolowera pulayazi ndi tesita. Yamikani, usalembe kalata yathunthu. Lemba mfundo zokha: nyumba zingati munaika mawaya limodzi, miyezi iti, ntchito ziti ankakusiyira wekha, vuto liti unalipeza iwe. Ukakhale nawo pansi, uwawerengere, iwo anene m'mawu awo ngakhale m'Chichewa, achotse zimene sakugwirizana nazo, awonjezere zawo. Kenako mutayipe zimene anenazo. Ikatero ndi kalata yawo, ndipo foni ikalira adzayankha zimene akuzidziwa.

Mayi Nabanda
Zikatero ndilibe nazo vuto. Chimene ndimakana ndi siginecha pansi pa mawu amene mwini siginechayo sanawamvepo.

Tadala wa ku Santhe
Funso la Yamikani landikumbutsa za alangizi aja. Iwo kompyuta alibe, pepala la chizindikiro cha ofesi sindinawaonepo nalo. Kodi kalata yolemba pamanja angailandire?

Zimba, mlangizi
Ndakhala ndikuwerenga chete, koma apa mwafika pakhomo panga. Ndine mlangizi wa zaulimi mbali ya ku Chulu. Mwana wathu, usadandaule. Mnzangayo alembe pamanja, iwe ukatayipitse pa Santhe pomwepo, awerengenso n'kusayina. Kenako mupite limodzi ku ofesi ya EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, kuti a AEDC, amene ndi mkulu wa alangizi onse m'deralo, aikepo chidindo. Timachita choncho nthawi zonse. Kungoti a AEDC sakhala mu ofesi tsiku lililonse, ena amakhala ali ku misonkhano ku boma, ndiye muyambe mwaimba.

Chimene ndikupempha n'chakuti umukumbutse mnzangayo zimene unachita, chifukwa ife timayenda ndi ana asukulu ambiri. Unachita chiyani kwenikweni tchuthi chimenecho?

Tadala wa ku Santhe
Tinayendera makalabu asanu ndi limodzi nthawi yokolola mtedza. Ine ndinkaphunzitsa za chuku: kuti asamawaze madzi pa mtedza pofuna kuti usweke msanga, kuti aziumitsa bwino usanalowe m'thumba, ndi kusankhula wowola ndi wonyala osaupatsa ana kapena kusinjira nsinjiro. Kalabu ina amayi anandiuza kuti zowaza madzizo sangasiye chifukwa zala zimapweteka posenda, ndiye tinakambirana zobwereka makina osendera ku kalabu yoyandikana nayo, ndipo anagwirizana zosinthana masiku. Ndinathandizanso kuyesa kameredwe ka mbewu ya mtedza ya CG7 imene anasunga, tinadzala njere 100 pa kabedi n'kuwerenga zomera.

Zimba, mlangizi
Basi, kalata ndi imeneyo. Makamaka za makina osenderawo zisasowemo, chifukwa zikusonyeza kuti unamva chimene amayiwo ankadandaula m'malo mongobwereza za m'buku. Zilembe pa pepala momwe wazilembera apamu, ndi mayina a midzi, ukawapatse. Uwauzenso kuti masabata akubwerawa foni ikhale ndi moto ndipo aziyankha manambala achilendo. Ambirife nambala yosadziwika timaisiya ilire poganiza kuti ndi akuba a pa foni aja.

Chikondi B.
Chabwino, ndamva. Koma langa limodzi lokha mulitenge: kalata yokudziwitsani ija a Kamanga anena, Tadala aonetsetse kuti yasayinidwa ndi apulofesawo ndipo aiike pamwamba. Amene amawerenga ndime awerenge, amene amayang'ana siginecha aipezenso. Sitikudziwa kuti envelopuyo ikagwera m'manja mwa ndani. Si onse ali ngati Mayi Nabanda.

Mayi Nabanda
Pamenepo tagwirizana achimwene. Ikhale pamwamba.

Tadala wa ku Santhe
Latsala ndi la amalume. Iwo ndiwo akhala akundilipirira fizi chimwalirireni abambo, ndipo za aphunguzo anazinena ndi mtima wonse, anayamba kale kufufuza tsiku lomwe adzakhale kumudzi. Ndiwakanira bwanji osawakhumudwitsa?

Abambo Mwale, Chamama
Funso limeneli ndi lalikulu kuposa onse aja, ndipo wachita bwino kulifunsa. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, sumuyankha pa foni ngati mnzako wa m'kalasi. Upite wekha, ukhale pansi, utenge fomuyo. Usanene kuti nzeru yawo ndi yolakwika. Uwawerengere pamene alemba za mphunzitsi ndi za munthu amene anakuona ukugwira ntchito, uwamasulire, kuti aone okha kuti okana si iwe koma eni malo. Amayi ako akhalepo, amve nawo za abusa.

Ndipo usawasiye manja ali lende. Chimene amalume ako akufuna ndi kukhala ndi gawo pa ulendo wako. Apemphe kuti akuperekeze ku EPA tsiku la chidindo, kapena akuthandize thiransipoti yobwerera kusukulu. Munthu wamkulu ukamulanda ntchito imodzi umam'patsa ina.

Dalitso wa ku Nkhamenya
Kalata zikatuluka upange fotokope kapena uzijambule pa foni ngati sizomata, ndipo manambala a anthu awiriwa uwasunge bwino. Ukamaliza sukulu udzawafunanso, kaya pa internship ya boma ija inayamba mu 2018, kaya pofunsira ntchito. Ine bambo a ku paki aja ndimawaimbira pa Khirisimasi iliyonse, ndipo andilembera kale katatu.

Tadala wa ku Santhe
Akuluakulu, ndabweranso patatha masiku asanu ndi anayi kuti ndikuuzeni mmene zayendera, monga anapempha a Kamanga.

Lachiwiri lapitalo ndinatumiza imelo kwa aphunzitsi aja, anandiyankha kuti ndipite Lachitatu 10 koloko. Ndinafunsa momwe munandiphunzitsira, ndipo za zikwangwani ndinazitchula ndekha, mawu akunjenjemera. Anatsegula kabati n'kutulutsa lipoti langa la timiphika lija. Anati amalionetsa kwa a chaka chachiwiri akamawaphunzitsa kujambula mapu a munda asanadzale. Anandifunsa mafunso ambiri za bungwelo ndi chifukwa chimene ndikufunira mtedza osati fodya, poti ndine wa ku Kasungu. Anandiuzanso mosabisa kuti m'kalatamo alembamo kuti ndimachedwa kupempha thandizo zinthu zikavuta, chifukwa ndi zoona ndipo akufuna a bungwelo adziwe pondithandizira. Zinandiwawa pang'ono koma ndinavomera. Kalatayo atumiza okha pa imelo dzulo, ndipo andidziwitsa.

Ya kudipatimenti ndatenga, apulofesa asayina. Sanandizindikire, koma anandifunira mafuno abwino.

Loweruka ndinapita kumudzi kudzera msewu wa Kasiya. Amalume anakhala chete nthawi yaitali nditawawerengera fomu, kenako anafunsa dzina la alangiziwo, n'kupezeka kuti ankagulitsa limodzi fodya ku Chinkhoma zaka za m'mbuyomo. Lolemba anandikweza okha pa njinga yamoto mpaka ku EPA. A AEDC tinawapeza atapita ku boma ngakhale tinaimba, ndiye kalata ya alangizi yatsala komweko, yotayipa kale ndi yosayina, ikudikira chidindo chokha. Ine ndabwerera kusukulu chifukwa Lachinayi ndili ndi mayeso. Amalume akuti akaitenga okha Lachisanu n'kukaisiya ku ofesi ya bungwelo pa boma pamodzi ndi envelopu yanga.

Zimba, mlangizi
Uwauze amalumewo kuti akakapereka asachoke osasayinitsa m'buku la olandira makalata, ndipo amene walandirayo alembe dzina lake ndi tsiku pa fotokope yako. Lachisanu maofesi ambiri amaweruka masana, apite mmawa.

Yamikani P.
Inenso ndinakhala nawo pansi abwana anga Lamulungu. Anayankhula mphindi makumi awiri osapuma, zina zoti ine ndinaiwala kale, monga tsiku lomwe ndinakana kulumikiza nyumba ina chifukwa waya wa earth panalibe. Tsopano vuto ndi loti zonsezo zikwane tsamba limodzi. A Kamanga, ndingakutumizireni kumbali kuti mundionere?

A Kamanga
Tumiza madzulo ano. Za waya wa earth zo usachotse.